Kwa Bwana Mwini Chidole Choyembekezera

Olemekezeka Mkulu Woona za Maphunziro a Azamba,

Ndagwada, bwana, ngakhale simukundiona. Ine ndine telala wamba wa pakhonde la sitolo, ndipo za chipatala ndimangodziwa fungo lake. Koma mkazi wanga ali mu wodi ya amayi oyembekezera, mimba yatsala pang'ono, magazi akuthamanga, miyendo yatupa moti ngakhale nsapato zanga sizikumulowa. Dzulo masana anakomoka n'kumaphiriphitha pamatiresi. Choncho ndakhala pabenchi nthawi yokwanira kusirira ntchito yanu, ndipo ndati ndikuthokozeni pagulu.

Choyamba, zikomo chifukwa cha maphunziro aja osamalira amayi oyembekezera odwala mwakayakaya. Anamwino ndi azamba athu munawatengera ku hotelo, anaphunzira, anabwerako atanona, aliyense ndi chikwama chatsopano. Zithunzi zawo zili pakhoma ndipo ndazipenda zonse. Makolala a malaya munawagawira aja ndi opotoka, koma izo ndi za ife atelala, musazitengere.

Chachiwiri, ndikuyamika nzeru yanu yoti aliyense amene wakhoza bwino apite akaphunzitse anzake kwina. Anakhoza onse, bwana. Panopa onse ali pamsewu, ndipo amene akuphunzitsidwawo nawonso akakhoza adzanyamuka. Posachedwa aliyense adzadziwa kupulumutsa mayi wokomoka, kungoti padzasowa wotsala mu wodi. Kuno mwatisiyira mzamba mmodzi, amene sanapite ku hotelo chifukwa panalibe womusiyira odwala. Amayi a mu wodi anamupatsa dzina loti Achangu, poti sayenda, amangothamanga. Mkazi wanga atakomoka, Achangu anamugoneka cham'mbali, anamubaya jekeseni, kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, apa pakufunika okosijeni ndi makina aja, koma kiyi ndilibe."

Chachitatu ndiye nkhani ya kiyiyo. Kumapeto kwa khonde kuli chipinda cha odwala mwakayakaya, chopentedwa bwino. Ndinasuzumira pawindo. Muli bedi lokwera ndi kutsika, silinda ya okosijeni, makina a timagetsi tobiriwira, ndipo pabedipo pagona mayi wa mimba yaikulu, atafunda nsalu yoyera mbee. Ndinavula chipewa. Wokolopa ndiye anandiseka, akuti si munthu ameneyo, ndi chidole cha labala chophunzirirapo. Akuti munalamula kuti chipindacho chikiyidwe mpaka Lachisanu, pamene mudzabwere ndi alendo kudzawaonetsa momwe timapulumutsira amayi. Kiyi muli naye inuyo, kuopa kuti odwala angadetsemo.

Kunena zoona, bwana, ndinachita nsanje. Mayi wa labalayu sanayambe wadikirapo pamzere. Ndamva kuti wakomoka kambirimbiri pamaso pa alendo, ndipo ulendo uliwonse gulu lonse la anamwino limamuthamangira, iye n'kutsitsimuka, alendo n'kuwomba m'manja. M'chipatala muno mulibe mayi wina amene wapulumutsidwa kochuluka chonchi. Mwamuna wake, kaya ali kuti, ndi munthu wamwayi.

Za ambulansi sindinena zambiri. Yapita kukatula aphunzitsi.

Ndili ndi mantha, bwana, sindikubisa. Ndikapita kunyumba ana amandifunsa kuti amayi abwera liti ndi khanda, ine n'kumangoweramira makina osokera ngati ndatanganidwa. Apongozi anga akhala pansi pambali pa matiresi kuyambira dzulo, akupukuta mwana wawo kukamwa ndi mpango wawo wakumutu.

Pempho langa ndi laling'ono. Sindikuti muimitse maphunziro, ndine ndani ine. Ndikungopempha kuti amayi awiriwa asinthane malo. Wa labalayo abwere pamatiresi, ndipo ndikulonjeza kumudikirira ineyo, kumuingitsira ntchentche, ngakhale kumusokera diresi loti adzavale Lachisanu. Mkazi wanga akagone pabedi paja. Alendo anu sadzakhumudwa, chifukwa amakomoka bwino kwambiri popanda wina kudina batani.

Chokhacho, ngati sikukusokonezani ndondomeko, tumizani kiyi lero. Ndafunsa Achangu m'mawa uno. Akuti wa labalayo akhoza kudikira Lachisanu bwinobwino. Nditafunsa za wangayu, anangothamangira kwa wodwala wina.

Ine wosayenera kukutayitsani nthawi,
Telala wa pabenchi