Yunifomu Yanga Ndinapatsa Mainess

Inu atsikana, ndakhala ndikukumvani chiimireni pano. Mukuti tsiku limene mudzatole chuma, kapu ya unamwino mudzaiponya m'ngalande. Minibasi sibwera msanga, ndiye tamverani za ine Petronella, chitsiru chimene chinayesa kale zimenezo.

Zinali zaka zija za mizere, pamene ukaona anthu atandandana unkayamba waima kaye, kenako n'kufunsa chimene chikugulitsidwa. Sopo kunalibe, shuga kunalibe, mafuta ophikira, amene timati saladi, ndiye tinkangomva mbiri yake. Ine ndinali namwino pa kachipatala kena kufupi ndi kwathu ku George, komboni ya mu Lusaka. Tsiku lina mlongo wanga Josiah, amene anasowa zaka zisanu kumigodi ya ku Kopala akukumba miyala yobiriwira yamtengo wapatali, anatulukira atanenepa khosi, nanditulira chikwama cha ndalama chimene zipi yake inkakana kutseka. Anati ndinamulera ndine, tsopano ndipumule.

Mawu akuti kupumula ndinawamva bwino kwambiri. Ndinagula mapepala okongola m'tauni n'kulemba kalata yosiya ntchito, masamba atatu athunthu. Ndinalembamo za magolovesi ochapa n'kuyanika pachingwe, za singano zowiritsa mpaka kubuntha, ndipo tsamba lonse lachitatu ndinawasungira ba Matron Chilekwa, amene ankatiyang'anira. Iwo analandira kalatayo, naiponya m'dirowa osaitsegula, nati ipita kulikulu Lachisanu lomaliza la mwezi, ndipo ikapita yapita.

"Mwaganiza bwino, ba Sister?" anandifunsa.

Ndinawayankha kuti za Sister zatha, azinditchula madamu. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine ndinasiya mlomo wonse ndi mano omwe.

Kunyumba ndinaitana Mainess, mnzanga woyandikana naye, wokazinga vitumbuwa. Ndinamupatsa yunifomu yonse, diresi loyera, lamba, kapu, ngakhale kawotchi kapachifuwa kamene kanafa kalekale. Ndinati adule asokere ana. Ine ndinagula wigi, magalasi akuda ndi nsapato za gogoda, n'kukhala pakhonde kudikira kuti anthu andisirire.

Sabata yachiwiri saladi anatha m'nyumba. Ndinapita kwa ba Hosea a golosale, amene zaka zonse ankandibisira botolo pansi pa kauntala. Anandilandira mwaulemu, nandiuza kuti botololo ndi la munthu amene amabaya amayi awo jakisoni, ndipo popeza ine ndalemera, ndikayese m'tauni. Kondakitala wa minibasi, amene ankathamangitsa anthu pampando wakutsogolo ndikangotulukira, anandipanikiza kumbuyo pamodzi ndi thumba la kapenta. M'tauni mashelefu anali mbee. Ndinabwerera ndi ndalama zanga zonse, ndipo madzulo ndinadya ndiwo zowiritsa. Zinandiwawa, inu. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti anthu amakonda nkhope yangayi.

Lachinayi, mawa lake kalata ipite, kunamveka kuti saladi wafika pa sitolo ina ku komboni ya Chaisa. Ndinalawirira, koma ndinapeza mzere utazungulira kale mpanda. Dzuwa linafika pamutu, m'wigi mukuyabwa ngati mwalowa nyerere, gogoda akundidya zala. Kenako ndinaona chinthu choyera chikudutsa mzere wonse mwaufumu, mlonda wa pakhomo n'kuchitira sawasha.

"Pitani ba Sister, odwala akuyembekeza."

Anali Mainess. Kapu yanga ili chopendekera, akuyang'ana kawotchi kakufa kaja ngati munthu wachedwa ku opaleshoni. Ana ake sanasokeredwe kanthu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyalutse Chaisa yense amve, koma ndisanatulutse mawu, mtsikana wapakati amene anali patsogolo panga anagwira m'chiuno n'kukhala pansi. Nsupa inali itasweka. Mzere wonse unayamba kuitana ba Sister, ndipo mlonda anamugwira Mainess padzanja n'kumubweretsa. Azimayi anamasula zitenje namanga mpanda kuzungulira wodwalayo.

Ine ndinakankha anthu kuti ndilowe, koma chibonga cha mlonda chinandipingasa pachifuwa.

"Ba madamu, bwelelani kumbuyo. Apa ni pa nchito ya manesi."

Ndinamuuza kuti namwino ndine. Anandiyang'ana kuyambira pa wigi mpaka pa gogoda, nati ngati zili choncho iye ndi dokotala. Anthu anaseka. Ndiye ine, mayi wolemera wa ku George, ndinazungulira kuseri, n'kugwada m'fumbi, n'kukwawa pansi pa zitenje pakati pa miyendo ya anthu.

M'katimo ndinapeza Mainess atagwira mtsikanayo pachigongono, akuti akuyeza kugunda kwa mtima, thukuta lili kamukamu.

"Ba Peti, nithandizeni," ananong'ona. "Ine niziba chabe vitumbuwa."

Kunena zoona, mtima wanga unafuna kumusiya kaye pang'ono kuti apse. Koma nditasuzumira ndinaona mutu wa mwana wayamba kale kuoneka, ndipo utatuluka, mchombo unali utazinga pakhosi. Apo manja anga sanandifunse ngati ndine madamu kapena ayi. Ndinavula wigi n'kumutsamiritsa mtsikanayo, ndinatuma mayi wina kukagula lezala latsopano, wina anang'amba kansalu koti timangire. Ndinalowetsa chala, n'kuvula mchombowo pakhosi pang'onopang'ono. Kamwana kakakazi kanatuluka kali zii, kosalira. Ndinakapukuta, kukasisita kumsana, kukasisitanso, ndikupemphera m'zilankhulo zonse za mu Lusaka. Kenako kanalira. Inenso ndinalira, chifukwa chimwemwe chimenecho chikwama cha Josiah sichinandipatsepo ngakhale tsiku limodzi.

Ndinamupatsa Mainess mwanayo kuti andigwirire pamene ndinkamalizitsa za mayi. Iye anaimirira, chitenje china chinatsika, ndipo khamu lonse linaona diresi loyera litanyamula khanda. Nthungululu zake zinamveka mpaka ku komboni ya Marapodi. Mkulu wa sitolo anatuluka yekha n'kumupatsa Mainess chigubu chathunthu cha saladi, chaulere. Ine ndinatuluka ndi nsapato imodzi, mawondo ofiira, tsitsi lili nyankhalala. Malo anga pamzere anali atapita, saladi anali atatha, ndipo ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti azimayi olemera amangokonda kusuzumira za eni.

Lachisanu m'mawa ndinakalanda yunifomu yanga, ikununkha vitumbuwa, n'kuthamangira kuchipatala galimoto ya kulikulu isanafike. Mu ofesi ya ba Matron ndinagwada, ine yemwe uja. Ndinapempha kalata yanga. Anandisiya pansipo nthawi yaitali, kenako analoza zenera loperekera mankhwala. Anati timaenvulopu ta mapiritsi tinatha miyezi yapitayo, ndipo pepala labwino ngati langa sakanalitaya kulikulu. Analidula tizidutswa n'kukulungira asipirini.

"Komboni yonse yabelenga," anatero. "Ba Ngosa ba malasha ndiye anapata kaja kokamba ati nili na mtima wa ng'ona. Ananibweletsela."

Ntchito anandibwezera, koma anandiika ku sikelo ya ana chaka chathunthu, ndipo magolovesi onse ochapa anali anga. Za chikwama musafunse. Mitengo ya zinthu inkakwera m'mawa ndi madzulo, moti pofika Khirisimasi zipi yake inkatseka bwinobwino.

Patapita miyezi iwiri kusikelo kunabwera mtsikana ndi khanda lonenepa. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo, ngakhale iye sanandidziwe. Dzina lake linali Ennie, anali atasamukira kwa apongozi ake ku George. Ndinamupachika mwanayo pasikelo, mtima wanga uli myaa, ndipo ndinatenga khadi n'kufunsa dzina la mwana.

"Ni Mainess," anayankha monyadira. "Tinamupatsa dzina la ba Sister bamene ananipulumutsa pa mzere wa saladi. Mubaziba?"

Ndinati ndimawadziwa pang'ono.

"Mukabaona mubapatse moni. Sembe manesi bonse muli monga beve, sembe chalo chili bwino."

Ndinalemba dzinalo ndi dzanja langa lomweli, zilembo zikuluzikulu, ndipo moniyo ndinakapereka madzulo ake. Mainess anaulandira, nandigulitsa vitumbuwa viwiri pamtengo wa aliyense.