Tsiku Limene Ndinawamba Apongozi

Mwezi wa Okutobala ukafika, malata n'kuyamba kuthetheka masana, mkazi wanga amangondiyang'ana kenako n'kuyamba kuseka yekha. Ine sindifunsa, chifukwa ndimadziwa chomwe wakumbukira. Nkhaniyi ndakhala ndikuibisa kwa zaka zambiri, koma poti anthu a ku Dambe anaifalitsa kalekale (ndipo amaithira mchere wochuluka), bola ndiinene ndekha mmene inayendera.

Ine kwathu si ku Mchinji. Ndinabwera ndi ntchito yauphunzitsi, ananditumiza pasukulu ina ya pulayimale ku Dambe, ndipo komweko ndinapeza banja. Ndinakhala pachikamwini zaka zitatu, m'kanyumba kaudzu kuseri kwa nyumba ya apongozi anga aakazi, a Nachisale. Kanyumbako ndimakasowa mpaka lero. Kunja dzuwa lizichita kuswa mtengo, ukangolowa mkati thukuta linkauma lokha. Pansi panali pozira bwino, pakona pali mtsuko wa madzi ozizira oti ukamwa mano ankachita kuwawa. Koma nthawi imeneyo sindinkaziona zimenezi. Ndinkangoona kuti ndi nyumba yopanda magetsi.

A Nachisale anali munthu wa mwambo wakale. Zaka zitatu zonsezo sanandilankhulepo maso ndi maso. Tikakumana panjira ankapatukira m'mbali, n'kunjuta, n'kuwomba m'manja akuyang'ana kwina. Akafuna kundiuza kanthu ankadzera kwa mwana wawo, ngakhale ine ndili chiimire pomwepo. "Uwauze aphunzitsi kuti njinga yawo ikunyowa." Nanenso ndinkayankha chimodzimodzi: "Uwauze amayi kuti ndathokoza." Ndinkawaopa mayi amenewa, komanso ndinkawakonda, ngakhale panalibe njira yowauzira.

Kenako anandisamutsira ku boma. Apa m'pamene panagona nkhani. Ndinkafuna chitengwa, kuti mkazi wanga achoke pamudzi tikakhale limodzi, koma iye ndi mwana wamkazi yekhayo wa a Nachisale. Ankhoswe anakambirana, zinthu zinkaoneka ngati zikuyenda, mpaka apongozi ananena mawu amodzi okha: ayambe aiona nyumbayo. Ikawasangalatsa, mwana wawo apita. Ikapanda kuwasangalatsa, ndizikhala ndekha ku boma n'kumapalasa njinga Lachisanu lililonse ngati munthu wofunsira mbeta. Anagwirizana kuti apongoziwo abwera Loweruka lina mu Okutobala, pamodzi ndi mchimwene wawo, atsibweni a mkazi wanga.

Nyumba yomwe ndinapeza inali yamalata, yopanda siling'i, pabwalo popanda ndi mtengo umodzi womwe. Masana makandulo ankapindika okha. Ndinadziwa kuti apongozi akalowa mmenemo, mkazi ndamuluza.

Chipulumutso chinabwera kudzera mwa mnzanga Chirwa, wa zachipatala, yemwe ankasamutsidwira ku Dedza. Iyeyu anali ndi makina oziziritsa m'nyumba, aja amati eyakoni, akale ndithu, omwe anawapeza kwa mbale wake wa ku Chipata.

"Tengani, aphunzitsi," anatero. "Ku Dedza ndikachita nawo chiyani? Kumeneko anthu amaotha moto chaka chonse. Koma chinsinsi chake n'chimodzi: mpweya wozizira usathawe. Tsekani paliponse."

Mawu akuti "paliponse" ndinawasunga mumtima kuposa vesi lililonse lomwe ndinaloweza ku Sande sukulu.

Makinawo anali aja okhazika pakhoma, nkhope m'nyumba, matako kunja. Lolemba ndinaboola khoma la pabalaza (eni nyumba sindinawauze, ndinati akadzamva kuzizira adzandikhululukira okha), n'kuwakhazika. Nditayatsa anayamba alira pang'ono, kenako kamphepo kanandiwomba kumaso. Abale inu, ndinatsala pang'ono kugwetsa misozi. Ndinaima pamenepo ndikuona kale mkazi wanga akupachika makatani.

Lachiwiri ndinamata ndi simenti timabowo tonse tolowera mpweya tija timakhala pamwamba pa mawindo. Lachitatu ndinakhomerera mawindo ndi misomali, m'ming'alu n'kutsekamo sanza. Lachinayi ndinakumbukira kuti mpweya ungathawire kudenga, ndiye ndinakagula pulasitiki yakuda ija alimi amafolera zigafa za fodya, n'kuikhoma m'mwamba ngati siling'i. Pansi pa chitseko ndinakonzeratu chiguduli chotsekera. Tsiku lililonse makina ankazizira kuposa dzulo lake, ndipo tsiku lililonse ndinkadziona kuti ndine munthu amene boma likumuwononga pomusiya m'kalasi.

Ndikanalekera pomwepo, bwenzi lero ndilibe nkhani. Koma Lachisanu madzulo ndinazungulira kuseri kwa nyumba, n'kupeza matako a makina aja ali pamtunda, dzuwa likuwawomba, ndipo mpweya ukutuluka fuu! Ndinagwira pakamwa. Kani ndatseka ponseponse koma chibowo chachikulu ndachisiya? Zoti mpweya wotulukawo unali wotentha ndinazimva ndithu padzanja, koma sindinadzifunse kuti ndikautsekera upita kuti (ndipo dziwani kuti ine ndimaphunzitsa sayansi Sitandade 7). Ndinaganizanso za akuba. Ndinatenga njerwa, ndinamanga kabokosi kuzungulira makinawo, pamwamba n'kuvindikira, n'kupaka pulasitala wosalala bwino. Sindinayatsenso tsiku limenelo, kuopa kugwedeza simenti yaiwisi.

Loweruka alendo anafika cha m'ma 11 koloko, atakwera minibasi pa Kamwendo n'kumalizitsa ndi kabaza. Ine ndinawachingamira nditavala jekete lakuda la paukwati wathu, tayi ili pakhosi, poti mkamwini saonekera kwa apongozi ndi malaya okha pa tsiku ngati limeneli. Atsibweni ndinawapatsa mpando wabwino. Apongozi sakhala pampando pamaso pa mkamwini, ndiye mphasa yawo ndinaiyala pamalo aulemu, kunsi kwenikweni kwa makina, kuti kuzizira konse kuyambire pa iwo. Mkazi wanga, yemwe anabwera nawo, anakhala pambali pawo. Ndinatseka chitseko, ndinakankhira chiguduli pansi pake ndi phazi, n'kuyatsa.

Mphindi khumi zoyambirira zinali za ulemerero. Atsibweni anavula chipewa, anayang'ana uku ndi uku.

"Iii, aphunzitsi, kunjaku ndi Okutobala koma muno ndi Juni!"

Ndinangoweramitsa mutu modzichepetsa, mtima ukuvina. Atsibweni anayamba kulankhula. Iwowa ndi mkulu wa mpingo, ndipo nkhani saiyambira pakati. Anayambira pa agogo awo amene anafika ku Dambe ndi khasu limodzi.

Asanafike n'komwe pa kubadwa kwa a Nachisale, kulira kwa makina kunasintha. Kamphepo kaja kanayamba kufunda. Kenako kanatentha. Mpweya wonse womwe ndinautsekera kuseri unasowa kolowera, unabwerera m'nyumba, ndipo woyamba kuulandira anali munthu amene ndinamuika pamalo aulemu.

"Bambo, titsegule chitseko," mkazi wanga ananong'ona.

"Ayi, wozizira uthawa," ndinayankha chapansipansi. "Akusonkhanitsa mphamvu amenewa."

Thukuta linayamba kuyenderera m'jekete mpaka m'masokosi. Atsibweni ankapitiriza nkhani uku akudzikupiza ndi chipewa, mawu akunka nachepa. Apongozi anali phee, nkhope atalozetsa kukhoma, akupukuta m'khosi ndi nsonga ya chitenje. Mlendo sadandaula m'nyumba ya mkamwini, mkamwini savula jekete pamaso pa apongozi, ndipo atsibweni sadulidwa mawu. Tonse anayi tinkapsa mwaulemu.

Patapita nthawi, a Nachisale anatembenukira kwa mwana wawo.

"Uwafunse aphunzitsi ngati chinthuchi chimapumulako."

"Uwauze amayi kuti ndi mmene chimayambira," ndinatero ine, wopanda manyazi.

Ngati kuti andimva, makina anatsokomola kawiri, ananunkha ngati tayala lopsa, n'kuzima. Atsibweni anaimirira, anapita pawindo, anakankha. Anakankhanso. Anaona mitu ya misomali.

"Mwakhoma?"

"Eya, atsibweni. Kuti mpweya usathawe."

"Aphunzitsi, ine pa unyamata wanga ndinagwirako ntchito ku esiteti, m'mabalani owambira fodya. Koma ngakhale fodyayo tinkamusiyira kabowo."

Mkazi wanga sanadikirenso chilolezo changa. Anathamangira kuchitseko, koma chiguduli chija ndinali nditachikankha ndi mtima wonse, chitseko chinakana. Ali mkati molimbana nacho, pulasitiki ya kudenga, yomwe inali itafewa ndi kutentha kwa malata, inazuka mbali imodzi n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kuwafunditsa atsibweni, pamodzi ndi fumbi ndi buluzi mmodzi amene sindikudziwa kuti analowamo liti. Ndinadzambatuka kuti ndikawavundukule uku ndikupepesa. Ndikukumbuka kuti ndinanena kuti "Pepani, zangochitika," kenako m'maso munada bii.

Ndinatsitsimuka ndili chagada pansi pa mtengo wa mango wa aneba, malaya ali chonyowa. Pamwamba panga panali nkhope ya munthu akundikupiza ndi chivindikiro cha poto. Ndinayesa kuti ndi mkazi wanga. Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti ndi a Nachisale, akundiyang'ana m'maso mwenimweni. Zaka zitatu ndinakhala pakhomo pawo, koma tsiku limenelo m'pamene ndinadziwa kuti ali ndi kachipsera pachipumi.

"Vulani jekete, mwananga," anatero.

Ndinayang'ana kwa mkazi wanga, kudikira kuti andiuze zomwe amayi anena.

"Ndikunena ndi inu. Vulani. Ndi chingwe chili m'khosicho."

Ndinavula, anthu a m'nyumba zoyandikana ataunjikana n'kumaonerera ngati kwabwera kanema. Mumtima ndinali nditatsanzikana kale ndi chitengwa. Munthu amene wawamba apongozi ake angapemphenso chiyani?

Atsibweni anakonza kukhosi, fumbi lili m'mutu. "Malinga ndi zomwe taona kunozi..."

"Achimwene, taimani," apongozi anawadula, chinthu chomwe palibe anachitapo ku Dambe konse. "Munthu uyu tikamusiya yekha kuno, Khirisimasi saiona. Iwe," anatembenukira kwa mwana wawo, "ukalongedze katundu wako. Ubwere uzimuyang'anira. Koma mabowo aja atsegule lero lomwe, ine ndikuona."

Umu ndi mmene ndinapezera chitengwa. Anzanga amapatsidwa mkazi chifukwa aonetsa kuti angathe kumusamala. Ine anandipatsa chifukwa ndinaonetsa kuti sindingathe kudzisamala. Masana onse a tsikulo ndinali nditakwera pampando ndi hamala, nditavala vesiti yokha, ndikugumula simenti yanga ndi kuzula misomali, apongozi ali pamthunzi akuloza ndi chala pomwe ndasiya.

Patatha sabata, mkazi wanga anafika ndi katundu wake, ndipo pakati pa katunduyo panali mtsuko uja wa m'kanyumba kaudzu, ataukulunga bwino m'zitenje. Uthenga wa apongozi wobwera ndi mtsukowo unali woti makina awowa safuna kukhomerera mawindo. Chirwa nditamuimbira foni anaseka mpaka kutsamwa. Akuti iye ankanena paliponse pa m'nyumba, kuseri kumafunika mphepo ndi mthunzi basi, chifukwa n'kumene makina amatayira kutentha. Ndinamuuza kuti akanayamba ndi mawu amenewo.

Mukandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu, ndinganene kuti eya, koma mkazi wanga angatsutse. Makinawo ndikadali nawo. Tasamuka nawo kawiri, panopa ndi pokhazikapo mtsuko, ndipo ndimakhulupirirabe kuti pa Kamwendo pali munthu amene angawadzutse.

A Nachisale atabwerera kumudzi anabwereranso ku mwambo wawo. Sanandilankhulenso maso ndi maso. Koma chaka chilichonse kukayamba kutentha, mkazi wanga akapita kukawaona ankabwera ndi uthenga womwewomwewo: "Amayi akuti ndikufunseni ngati mwavula jekete." Ine ndinkayankha kuti akawauze kuti ndavula, ndipo ndinkaudikira uthengawo kuposa mmene ndinkadikirira mvula.

Anamwalira zaka zingapo zapitazo, mu Okutobala momwemo. Pamaliro ndinavala jekete lomwe lija, ngakhale mabatani sakumananso. Kumanda kunatentha koopsa, thukuta linayenderera mpaka m'masokosi ngati tsiku lija. Ndinaima padzuwa mwambo wonse, ndipo panalibe wondiuza kuti ndivule.