Nkhondo ya Usipa wa pa Sola

M'zaka zija mawaya a magetsi ankadutsa pamwamba pa Lungwena osatsika n'kudzapereka moni komwe, pamene dzuwa lokha ndilo linkakumbukira anthu, kunabuka nkhondo imene nkhuku za kumeneko zimaikumbukabe mothokoza.

Ajira, Mlonda wa Batire, Mkazi Wosaphonya Belu, anali ndi sola imene mwamuna wake Latif anatumiza kuchokera ku Joni pamodzi ndi lamulo lakuti Lachisanu lililonse iyeyo akatuluka kumzikiti azimuimbira foni mkazi wakeyo, ndipo ikapezeka yozima ndiye kuti pakhomo pali mwamuna wina. Tsono Lachisanu lina foni inazima, linzake inazimanso, ukwati n'kuyamba kupendama ngati bwato pa mwera.

Ngwaziyo inakwera pandowa, n'kusuzumira padenga la khitchini, ndipo inaona gulu lankhondo la usipa litafola mizeremizere pasola ponse, maso ali kumwamba. Mkulu wa gululo anali Hidaya, mlongo wake wa Latif, Mgonjetsi wa Ntchentche, amene anatulukira kuti galasi lakudalo limaumitsa nsomba msanga kuposa thandala lililonse m'mbali mwa nyanja.

"Alamu," anatero Ajira ali chiimire pandowa paja, "nsomba zanuzi zikundidyera ukwati."

"Solayi ndi ya achimwene anga, dzuwali ndi la Allah," anayankha Hidaya. "Chanu n'chiyani apa? Chaja?"

Pamenepo zipande zinasololedwa, mipango inamangidwanso mothina, tsache linauluka, ndipo asilikali ambiri anagwa padenga n'kutengedwa ukapolo ndi nkhuku. A Amida, azakhali awo a Latif ndi Hidaya, atatopa ndi phokoso, anagawa sabata ngati dziko logonja: Lachinayi ndi Lachisanu dzuwa likhale la foni, masiku otsalawo la nsomba.

Mtenderewo unalandiridwa mwaulemerero. Lachisanu m'mawa sola inasambitsidwa ndi sopo wonunkhira, mababu onse anayatsidwa dzuwa likuswa mtengo, wailesi inakuwa, anansi anabwera ndi mafoni awo kudzalawa nawo ufulu, nthungululu zili m'mwamba.

Kenaka foni ya Ajira inalira. Latif anangoti "Salaam," basi, foni n'kuzima, mdima bii. Chikondwerero chinali chitamwa batire lonse.

Ajira anakhala pansi. Hidaya anamuyang'ana, n'kutambasula dzanja kubwereka foni ya mnansi.

"Musalire alamu, ndiwauza ndekha achimwene kuti mwamuna winayo ndamuona ndi maso angawa. Ndi wamfupi, wowonda, wonyezimira, ndipo tinamudya dzulo ndi tomato."