Felesiya Kuseri kwa Mathithi

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota ndikukwera phiri kupita ku mathithi a m'nkhalango, kuja mng'ono wanga Felesiya anakokoloka ndi madzi chaka chatha osapezekanso. Kumsana ndinabereka dengu langa lothyolera tiyi, ndiye dengulo linayamba kulankhula: "Mayi, bwererani. Ine ndimanyamula masamba, osati anthu."

Sindinalimvere. Ndinadutsa minda ya nthochi ndi chinanazi mpaka pachipata, pomwe panaima mlonda wa nkhalango, bambo Namakhwa.

"Mwadzaona malo?" anandifunsa.

"Ndadzatenga m'bale wanga, bwana."

"Kalata ya imfa yake ili kuti?"

"Mtembo sitinaupeze."

"Ndiye kuti sanafe. Wamoyo sitisaka."

Akulankhula choncho, mwadzidzidzi kolala ya shati lawo inamera nthenga zoyera, mlomo n'kutalika, basi asanduka khwangwala. Anauluka chidindo chili kukamwa, ine n'kulowa.

Ndiye ndinafika pa mathithi paja, koma madzi ake ankakwera m'mwamba, atanyamula zitseko, mapoto ndi nsapato za ana. Alendo a m'tauni ankajambula uku akuseka. Mmodzi anati, "Mayi, tasunthani, mukutitchinga." Posuntha ndinaponda mwala, mwalawo n'kubuula: "Pepukani, pansi panga pagona anthu."

Mwadzidzidzi ndinapezeka kuseri kwa madzi, m'phanga lozizira. Felesiya anali atakhala pansi akusenda chinangwa, atavala chitenje chomwe chija cha tsiku lija, matope ali m'tsitsi.

"Achemwali, mwachedwa," anatero.

"Dzuka, tiye kwathu."

"Taonani mapazi angawa."

Anali atamera mizu mpaka m'thanthwe. Ndinamugwira dzanja n'kukoka ndi mphamvu zonse, ndiye dzanjalo linathothoka, ndikaliona ndi thunthu la nthochi lowola. Ndinalira.

Iye anapitiriza kusenda ndi dzanja limodzi. "Amayi akundiikirabe kapu m'mawa?"

"Tsiku lililonse."

"Mukawauze asiye. Akaitsuka ndimamva, ndiye ndimalephera kugona."

Ndinati ndimuyankhe, madzi anandidzaza m'kamwa, m'mphuno, phanga lonse likulira ngwee, ngwee, ngwee.

Kutsegula maso, kunja kwayera. Anali amayi pakhonde, akugundanitsa makapu m'beseni. Ndinatuluka n'kuima pambali pawo.

"Wadzuka bwanji, mwanawe?" anandifunsa.

Ndinangotenga kansalu n'kuyamba kupukuta makapuwo, ndi ya Felesiya yomwe.