Tsiku Limene Dokotala Anandipeza ndi Aikoniki

Ndikuuzeni zamanyazi zimene ndinachita, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, chifukwa cha liwu limodzi la Chingerezi.

M'mawa wina ndinkayanika usipa pathandala ku Chiwanga, pafupi ndi mlambe waukulu wa pagombe. Kunabwera mayi wachizungu amene ankagona kupensau, nyumba ya alendo, ndipo tonse tinali titamva kuti kwawo ndi dokotala. Anayang'ana kumene ndinali nthawi yaitali, anajambula chithunzi, kenako anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Iconic," anatero. "So iconic."

Dokotala akakuyang'ana n'kupukusa mutu, umadziwa kuti zinthu sizili bwino. Ndinasiya usipa n'kupalasa njinga mpaka ku Metangula kwa apulofesa Matiyasi. Iwo amaphunzitsa Chipwitikizi, Chingerezi amangochinunkhiza.

"Aikoniki?" anakanda mutu. "Ayenera kuti anati kronika. Amenewo ndi matenda osachira. Pali pamene pakupweteka?"

Panalibe. Koma pobwerera msana unayamba, chifuwa chinatsatira, ndipo njinga ndinachita kukankha.

Nditafika, ukonde wanga ndinapatsa mlamu wanga Barnaba. Kenako ndinaitana akazi anga.

"Amake Rute, khalani pansi. Ine ulendo wapsa, ndipo sindikufuna kukafika kwa Mulungu ndi bodza. Tambala wanu wofiira uja sanagwidwe ndi vumbwe. Tinadya ine ndi Barnaba."

Analira kwambiri. "Za tambala zisiyeni, abambo."

Nditaona kuti mtima wawo wafewa, ndinapitiriza. "Kapulana wanu watsopano uja, chitenje chokongola chija, sanauluke ndi mwera. Ndinasokera thanga la bwato."

Kulira kunachepa pang'ono.

Kutacha anandigwira dzanja mpaka kupensau, kuti dokotala atiuze masiku amene anditsalira. Mwini pensau, a Selemani, anakhalapo ku Likoma ndipo Chingerezi amachidziwa. Atamva nkhani yanga anaseka mpaka kugwira khoma.

"Si matenda, akulu. Iconic ndi chinthu chimene anthu akangochiona, ngakhale pachithunzi, amadziwiratu kuti uku n'kwakuti. Chizindikiro cha malo, ngati mbendera."

Msana unapola pomwepo. Ndinakonza kolala ya malaya.

"Ndiye kuti ine ndine chizindikiro cha Chiwanga?"

A Selemani anafunsa mayi uja. Iye anayankha mwaulemu ndithu, akundimwetulira.

"Akuti ankanena mlambe," anatero a Selemani. "Akutinso ngati n'kotheka muziyanika usipa cha uko, chifukwa dzulo munawatchingira chithunzi."

Amake Rute anapukuta misozi, anamanga bwino mpango kumutu, n'kunena motsitsa mawu: "Popeza simukufa, tiyeni kunyumba. Tiyambira pa kapulana."

Mantha enieni ndinawamva panjira imeneyo.

Musanaulule machimo anu, liwu lachilendo muzifunsa kwa anthu awiri.