Intavyu ya Kuseri kwa Chigayo

Pali zinthu zina zimene ukazikumbukira uli m'bafa umangopezeka wafuula wekha kuti "mayo!" ngati waponda munga. Changa n'chimodzi chokha, koma chimandikwanira. Papita miyezi isanu ndi iwiri, komabe mpaka lero ndikamva chigayo chikuzima, ndimafuna kubisala.

Ndine mphunzitsi. Kwathu ndi ku Dedza, koma boma linaona kuti nzeru zanga zikufunika kwambiri pa sukulu ina ya pulayimale kuseri kwa Edingeni, ku Mzimba kuno. (Dzina la sukuluyo sinditchula. Ndikadali pomwepo.) Nditafika ndinapeza nyumba za aphunzitsi zitadzaza, ndiye ananditengera kwa mayi wina wamasiye, anyaZgambo, amene anandipatsa kanyumba ka mwana wawo yemwe ali ku Joni. Mayiwa sanandifunse zambiri. Tsiku loyamba lomwelo anabwera ndi mbale zovindikira, ndipo kuchokera pamenepo ndakhala ndikudya za m'manja mwawo ngati ndinabadwira pakhomopo.

Anthu akuno ndi abwino, izi ndineneretu. Vuto ndi netiweki. Pa wailesi timamva akuluakulu a boma akulonjeza kuti palibe mudzi umene utsalire, kuti intaneti ifika mpaka kukhola la ng'ombe. Chaka chatha kunabweradi anthu ovala majekete owala. Anakwera kaphiri kathu, anayeza ndi chingwe, anakhoma chikhomo chopaka penti yofiira pamene ati padzakhale nsanja, anadya mbuzi, napita. Chikhomocho chilipo ndithu. Ena amamangirirapo thole, mwana wa ng'ombe. Koma ku ofesi sadziwa zimenezo. Iwo amangoti mayina a ana a mayeso tumizani pa intaneti, ndipo tsiku lomaliza linali dzulo.

Netiweki yathu yonse ili pa msomali umodzi. Kuseri kwa chigayo cha a Chisi, pakona chakumwamba, wina anakhomapo msomali. Ukaika foni m'kajumbo n'kuipachika pamenepo, timizere tiwiri timatulukira. Ukangoisuntha pang'ono, basi, yathawa. Ndiye foni imalankhulidwa ili chipachikire, pa sipika, iwe utakwera pa njerwa, nkhope kukhoma ngati mwana wopatsidwa chibalo. Chinsinsi kulibe. Pa msomali umenewo patha maukwati, palengezedwa maliro, ndipo mudzi wonse umadziwa amene mwana wake wamangidwa ku Joni chifukwa chosowa mapepala.

Ineyo ndinali nditatopa. Nditapita ku Mzimba boma kumapeto a mwezi wina, ndinatumiza mwakachetechete kalata yofunsira ntchito pa sukulu ina ya pulayiveti ku Lilongwe. Sindinauze munthu. Lachinayi lina ndinapachika foni pa msomali, uthenga n'kulowa umene unali utayenda masiku atatu panjira: mawa lake, nthawi ya teni koloko, adzandiyimbira kuti tichite intavyu pa foni.

Ndinaganiza zothamangira ku boma, koma mvula inali itagwa sabata yonse, ndipo wa njinga yamoto anangondiyang'ana n'kuseka. Tomvera m'khutu tanga khoswe anatitafuna kalekale. Panatsala msomali basi. Ndinadzilimbitsa mtima ndi mfundo imodzi: intavyu ikhala m'Chingerezi, ndipo amene amapezeka ku chigayo m'mawa ndi amayi achikulire. Adzamva phokoso chabe.

Lachisanu ndinavala tayi. (Inde, intavyu ya pa foni. Musandifunse.) Ndinawasiyira ana samu zambirimbiri pa bolodi n'kuzemba. Ku chigayo ndinapeza amayi oposa khumi atakhala pa matumba awo, anyaZgambo ali pomwepo ndi dengu lawo. Ndinapita kwa a Chisi, amene anali mbuu ndi ufa mpaka m'nsidze.

"Adada, ndapota, foni yanga ikalira muzimitseko chigayo pang'ono."

"Kwagwa zovuta, asambizi?" (Kuno aphunzitsi amati asambizi.)

"Ayi, ndi za ku ofesi."

"Mbwenu palibe suzgo. Koma musachedwe, amayiwa achokera kutali."

Foni inalira nthawi yake yeniyeni. Chigayo chinatsokomola kawiri n'kuti zii. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira cholakwa changa choyamba: chigayo chikamalira, palibe amene amamva za mnzake. Ine ndi pakamwa pangapa ndinapempha bata, ndipo bata linabwera la ngati m'tchalitchi. Ndinakwera pa njerwa, n'kutembenukira kukhoma.

Woyimbayo anali mayi wa mawu ofewa. Mafunso oyamba ndinawakhoza bwino, moti ndinayamba kudziona ndili mu minibasi ya ku Area 25, nsapato zopanda matope. Kenaka mawu anayamba kuduladula.

"Sitikukumvani bwino, aphunzitsi. Takwezani mawu. Tiuzeni, n'chifukwa chiyani mukufuna kuchoka kumene muliko?"

Ndinakweza mawu n'kupereka yankho limene ndinaloweza, lakuti ndikufuna kukulitsa luso langa. Mayi uja anaseka.

"Aliyense amatero. Ife tikufuna zoona zake."

Abale anga, munthu asamakufunseni zoona mutazisunga m'mimba zaka ziwiri. Zinatuluka zonse ngati madzi ophwanya damu. Ndinati kuno n'kutchire, kumene ngakhale boma linaiwala kuti kuli anthu. Ndinati kulibe magetsi, kulibe msewu, kulibe netiweki. Ndinati makolo akuno amadziwa dzina la ng'ombe iliyonse m'khola koma sadziwa kalasi imene mwana wawo ali. Ndinati anyamata amangodikira kumera ndevu kuti athawire ku Joni. Ndinati nyumba imene ndikukhala imadontha moti ndimagona ndi ambulera, ndipo mileme ndi imene ili eni nyumba, ine ndine mlendo wawo.

Kumbuyo kwanga ndinkamva mawu a mwamuna akung'ung'udza, kenaka amayi onse pamodzi, "Hiii!" Ndikanena china, kung'ung'udza kuja, kenaka, "Owe!" Mukudziwa chimene ndinaganiza? Ndinaganiza kuti akugoma ndi Chingerezi changa. (Mulungu andikhululukire, ndinayamba kuponyamo mawu akuluakulu a mu dikishonale kuti agome zenizeni.)

Ndiye ndinafika pa chakudya. Ndinati chaka chonse ndiwo ndi imodzimodzi, masamba Lolemba, masamba Lamulungu, ndipo popeza sindinapeze liwu lake m'Chingerezi ndinangolitchula mmene amanenera kuno: mphangwe. Ndinalitchula katatu. Ndinamaliza ndi mawu amene ndinawaona kuti ndi okhudza mtima, akuti, "Madamu, kuno anandikwirira ndili wamoyo. Ndifukuleni."

Zii.

"Halo? Madamu?"

Ndinasuzumira m'kajumbo muja. Foni inali itada. Inaduka kalekale, mwina ndisanafike n'komwe pa nkhani ya ng'ombe. Zonse zija ndinkauza khoma la a Chisi.

Khoma lokha ayi. M'bata limenelo ndinamva bwinobwino mawu a mwamuna aja akumalizitsa, m'Chitumbuka chimene zaka ziwiri zandiphunzitsa kumva: "Ndipo pomaliza akuti ife tawakwirira amoyo, ndiye akupempha mayiyo kuti abwere ndi khasu."

Ndinatembenuka pang'onopang'ono. Anali a Shaba, wapampando wa komiti ya sukulu yathu, bambo wachikulire amene anagwira ntchito m'mahotela a ku Joni mpaka imvi. Chingerezi chawo n'chakupsa kuposa changa. Anafika ndi njinga ine nditayang'ana kukhoma, kudzadikira msomali kuti ayimbire mwana wawo. Anali ataima pakati pa amayi aja, chipewa m'manja, ngati womasulira ulaliki pa msonkhano wachitsitsimutso.

"Pepani asambizi," anatero mwaulemu wonse, "mumathamanga chomene, mwina zina ndadumpha. Amayiwa amafunsa kuti mukuti chiyani, ndiye ndati ndiwathandize. Koma pa mileme paja ndayesetsa."

Sanali kundinyoza. Chimenecho n'chimene chimandiwawa mpaka lero. Bamboyo ankaona kuti wagwira ntchito yabwino.

Ndinayang'ana anyaZgambo. Iwo sanandiyang'ane. Anali kutola timiyala m'chimanga chawo, kamodzikamodzi, chimanga choti anachipeta kale kunyumba. Liwu lija la mphangwe silinafunike a Shaba.

Kenaka foni inaliranso.

"Pepani aphunzitsi, inaduka," anatero mayi wa ku Lilongwe uja. Tsopano mawu ake ankamveka ngati ali pambali panga, timizere tinayi tonse, chinthu chimene sichinachitikepo pa msomali umenewo. "Tinalekezera poti mutiuze zoona zake. N'chifukwa chiyani mukufuna kuchoka?"

A Shaba anakonza kukhosi, n'kusendera pafupi kuti amve bwino. Amayi onse anatchera khutu. A Chisi anatulukira pakona, spanala ili m'manja.

Munthu wanzeru akanati, "Madamu, ndiyimbireni mawa." Munthu wolimba mtima akanabwereza zonse zija, popeza zinali zitamveka kale, n'kupeza ntchito. Ine sindine wanzeru, komanso sindine wolimba mtima.

"Madamu," ndinatero, thukuta likuyenderera pansi pa tayi, "kunena zoona, ine sindikufuna kuchoka. Kuno n'kwabwino kwambiri. Anthu ake ndi achikondi. Mpweya wake ndi wabwino. Ndiwo zamasamba zimapatsa thanzi."

A Shaba anamasuliranso zimenezo mokhulupirika. Mayi wina kumbuyo anati, "Aaa, ŵasintha!" ndipo ena anayamba kuseka chogwira pakamwa.

Mayi wa ku Lilongwe uja anafunsa kuti:

"Ndiye munafunsiranji ntchito kuno?"

"Ndimangofuna... kudziwa ngati kalata zimafika."

"Chabwino. Zikomo chifukwa cha nthawi yanu. Tidzakuyimbirani."

Mukudziwa tanthauzo la mawu amenewo. A Chisi anafunsa kuti, "Tingalize, asambizi?" Ndinagwedeza mutu, chigayo n'kuyamba. Ndinatsika pa njerwa, ndinachotsa foni yanga, ndipo a Shaba anapachika yawo. Podutsa pakati pa matumba aja aliyense anandipatsa njira yotakasuka, ngati ndanyamula maliro.

Nkhani inafika kusukulu ine ndisanafike. (Kumene kulibe netiweki uthenga umathamanga kuposa kumene ilipo. Akatswiri a boma adzafufuze zimenezi.) Ahedi anandiitanira mu ofesi, n'kungondifunsa ngati ndikufuna kuti andilembere kalata yondichitira umboni, "popeza tamva kuti muli m'manda." Lolemba lake bambo wina anabwera ndi mwana wake mpaka pakhomo la kalasi, n'kunena mokweza kuti, "Uyu ndi Tiwonge, ali Sitandade 6, ng'ombe zanga ndazisiya kunyumba." Ana anayamba kunditchula kuti Lazaro. Ndikalowa m'kalasi, wina kumbuyo amanong'ona kuti, "Tuluka!"

Koma zonsezo n'zopepuka poyerekeza ndi madzulo a Lachisanu lomwelo. Ndinadzitsekera m'nyumba, ndikuganiza kuti lero ndigona ndi njala ndipo ndiyenera kutero. Dzuwa lisanalowe ndinamva, "Odi, asambizi." AnyaZgambo anali pakhomo ndi mbale zawo monga mwa masiku onse. Anaziika pa mpando. Nditavundukula ndinapeza mazira awiri okazinga. Nkhuku zawo ndimazidziwa, zinalipo zitatu, ndipo mazira amenewo ankasungira kuti imodzi ifungatire.

"Amama, pepani. Zija ndinanena zija..."

"Zija n'zoona," anandidula. Chichewa chawo amachilankhula pang'onopang'ono, ngati akuwoloka mtsinje. "Nyumba ikudontha, nanga ine sindikuona? Msewu kulibe. Ana anga atatu anathawa zomwezo. Wachiwiri uja papita zaka zinayi sindinamve mawu ake, kaya amayimba foni ili m'thumba, kaya sayimba, ine ndingadziwe bwanji? Inunso mukapeza njira, pitani. Simunabadwire kuvutika kuno."

Anakonza chitenje chawo, n'kuima pakhomo.

"Koma mphangwe ija, asambizi, mukanandiuza ine. Osati Lilongwe."

Mazirawo ndinadya, chifukwa kuwabweza kukanakhala kutukwana kachiwiri. M'mawa mwake ndinabwereka makwerero n'kukwera padenga kukamata mabowo ndi phula, ntchito imene ndikanaigwira zaka ziwiri zapitazo ndikanakhala munthu. Ndinawapemphanso kuti abwerere ku mphangwe. Anakana kwa sabata zitatu, ndipo sabata zitatu zimenezo ndinadya mazira, usipa, ngakhale nkhuku imodzi mwa zitatu zija, aliyense pamudzi akudziwa chifukwa chake. Sindinalangidwepo mowawa chotero.

A ku Lilongwe sanayimbenso, kapena anayimba foni ili m'thumba. A Shaba amandipatsabe moni mwansangala, ndipo anandiuza kuti akuluakulu a nsanja aja akadzabweranso, ine ndi amene ndidzalankhule m'malo mwa mudzi, chifukwa palibe wina amene anafotokozapo mavuto akuno momveka bwino chotero. Anati ndidzangochotsamo za ndiwo.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinaphunzira kukhutira ndi pamene ndili. Ayi ndithu, ndinganame. Mwezi wathawu ndatumizanso kalata ina, ku Kasungu. Ayankha kuti iwo intavyu yawo amachita pa vidiyo, kuti aone nkhope ya munthu ndi malo amene ali. Ndawauza kale a Shaba tsiku lake, kuti asadzavutike kumva kwa ena. Ati adzavala jekete.