A Fabian, Wolemba Aphunzitsi wa ku Mulhuddart

Ku Mulhuddart, m'mbali mwa mzinda wa Dublin, kunalibe munthu amene a Fabian sanamuuzepo kuti akhale mphunzitsi. Amalawi ankati a Fabian, anzawo a ku Zambia ankati ba Fabian, koma onse ankadziwa kuti ukawaona akubwera chapatali ndi kayendedwe kawo kothamangira, ntchito yako yatha, ukupita kukagwira choko.

Zonsezi zinayamba ndi mlamu wawo wa ku America, amene anawauza pafoni kuti kumeneko munthu akaphunzitsa zaka zingapo amamukhululukira loni ya ku yunivesite. A Fabian sanafunsenso zambiri. Anangotsimikiza kuti dziko lonse lapansi limatero, anthu sakudziwa chabe. Eniakewo kalasi anali asanaimemo chibadwire. Ntchito yawo inali yokankha odwala pachipatala, ndipo odwala akagona pabedi la mateyala sathawa.

Tsiku lina akukankha nkhalamba ina ya chi Irish, anayamba kuilangiza kuti ikachira iganizire za uphunzitsi. Nkhalambayo inati inaphunzitsa moyo wake wonse mpaka kupuma. A Fabian anaimitsa bedi nkufunsa ngati ili ndi loni. Inati ilibe, ndipo siinatengepo.

"Mwaona manje?" anatero a Fabian pofotokozera anthu. "Alibe loni. Umboni wina mufuna wa chani?"

Amene anavutika nawo koposa ndi Tisungane, mtsikana wa ku Zomba wogwira ntchito yosamalira okalamba ku Coolock. Iye anali ndi digiri ya masamu imene anaiphunzira pa loni kumudzi, ndipo mayi ake ankaimba foni sabata iliyonse kuti achibale akunena, ati mwana anathawira kwa azungu ndi ngongole ya boma. Mtima wa Tisungane sunkakhazikika. Ankasintha mashifiti, kusintha nyumba, kuganiza zosamukira ku Cork, mawa lake zobwerera kwawo. Kulakwa kwake kunali kumodzi: anatchula digiriyo a Fabian ali pafupi.

Kuyambira pamenepo sanapumenso. A Fabian anakwerapo basi yolowera ku Coolock pamene iwo amapita ku Blanchardstown, kuti amalize mfundo. Ku shopu ya zakudya za kwathu Tisungane anabisala kuseri kwa matumba a mpunga, koma anangomva mawu pamwamba pake akuti mpunga sungamulipirire loni. Ku tchalitchi ankamupatsa moni wakuti "madamu", ana nkumaseka.

Atatopa, Tisungane anafufuza yekha. Anafunsa uku ndi uku, ndipo sanapeze aliyense wolonjeza kuti kuphunzitsa ku Dublin kungafafanize loni ya ku Malawi. Anapita kwa a Fabian atakwiya ndithu.

"Ankolo, zimene mumanenazi kulibe. Mwandizunza chaka chonse ndi nkhani ya ku America."

A Fabian sanagwedezeke. "Ndiye kuti lamulo lachedwa, mwana wanga. Iwe yamba, lizakupeza mu kalasi."

Tisungane anafuna kukalipa koma kuseka kunamutsogolera. Kenaka a Fabian anatsitsa mawu, zimene sankachita kawirikawiri, nkumuuza kuti akumuona akuzungulira ngati munthu amene wataya makiyi, ndipo kusamuka nyumba sikumuthandiza. Anati okalamba akuwasamala bwino, inde, koma masamu akuwola m'mutu mwake.

Analembetsa maphunziro a uphunzitsi mwezi wotsatira, akuuza anzake kuti akungofuna a Fabian amusiye. Sanamusiye. Lamlungu lomwelo anaimirira nthawi ya zolengeza nkuuza mpingo kuti Mulungu wawapatsa hedimasitala. Magdalene, mkazi wawo, anachita kuwakoka jekete kuti akhale pansi, iwo akunenabe kuti makolo ayambe kulembetsa ana.

A Fabian anamwalira mu February, mtima utaima ali pa ntchito. Thupi linapita kwawo ku Chipata. Pamaliro, ku Mulhuddart komweko, anthu anayamba kuwerengana ndipo anapeza kuti mwa onse amene a Fabian anawalalikira zaka zonsezo, amene anamvera anali Tisungane yekha. Magdalene anaseka misozi ili chuchuchu, nkunena kuti mwamuna wake akanati ndi chiyambi chabwino.

Loni ija palibe anaikhululuka. Tisungane akuibweza yekha pang'onopang'ono. Tsiku limene anaima koyamba pamaso pa ana a sekondale, anatuluka pa geti ali ndi nkhani yodzadza pakamwa. Anatulutsa foni kuti auze a Fabian, anaiyang'ana, nkuibwezera m'thumba.

Masiku ano mapemphero ku Mulhuddart amatha pa nthawi yake, poti palibenso wotalikitsa zolengeza. Wosamalira holo imene amapempheramo amatseka zitseko kusanade, ndipo amayamikira kuti mpingo wasintha. Koma anthu sapita. Amaima pamalo oimika magalimoto, mvula ikuwaza, makiyi ali m'manja, kumangoyang'anana, aliyense akudikira kuti wina ayambitse nkhani.